Nyimbo Imodzi, Mabuku Osiyana: Woliza Chitoliro cha ku Scotland Atsate Liti?

Chitoliro cha thumba cha kumapiri a ku Scotland, chimene eni ake amachitcha bagpipe, ambirife timachidziwa ndi maso: munthu wapanira thumba kukhwapa, mipope itatu yatsamira paphewa, zala zikuvina pa kachitoliro kolendewera kutsogolo. Chimene sichioneka pa kanema ndi mkangano umene wakhala pakati pa oliza chitolirochi kwa zaka zoposa 200. Nyimbo zawo zakale zinadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndipo aliyense amene anagwira cholembera anazilemba mmene iye ankaziimbira. Wophunzira wa lero akatsegula mabuku atatu, amapeza nyimbo yomweyo italembedwa mwa njira zitatu. Kalembedwe kalikonse kotere oimba amakatcha setting, ndipo posakhalitsa munthu amayenera kusankhapo kamodzi.

Zimatheka bwanji kuti nyimbo imodzi ilembedwe mosiyanasiyana chonchi?

Kwa nthawi yaitali nyimbozi sizinkalembedwa n'komwe. Mafumu a mafuko a kumapiri ankasunga mabanja awoawo oliza chitoliro, ndipo luso linkachoka kwa bambo kupita kwa mwana. Banja la MacCrimmon linkaimbira mafumu a MacLeod ku Dunvegan pa chilumba cha Skye, la MacArthur linkaimbira a MacDonald a ku Sleat pa chilumba chomwecho, ndipo la MacKay linali ku Gairloch. Nyimbo zawo zikuluzikulu, zotchedwa piobaireachd, ankaphunzitsana pakamwa. Mphunzitsi ankaimba ndi mawu opanda tanthauzo koma oimira zimene zala zichite. M'njira imene yafala lero, "hin" ndi A wam'munsi, "ha" ndi D, "che" ndi E, pamene "darid" ndi "bandre" ndi mayendedwe athunthu a zala zingapo. Kuimba kotereku ndiye canntaireachd. Amene anakhalapo pafupi ndi oimba ng'oma kwathu kuno sangadabwe nazo, pakuti nawonso amayamba aitchula ng'oma pakamwa manja asanaigunde. Chinthu choyenda pakamwa chimatenga fungo la nyumba imene chagonamo, ndiye banja lililonse linali ndi kaimbidwe kake.

Chifukwa china chili m'chitoliro momwemo. Chili ndi manotsi 9 okha, kuyambira G wam'munsi kulekeza A wam'mwamba, ndipo thumba likadzaza mpweya sichisiya kulira. Woimba sangadukize mawu, sangawakweze kapena kuwatsitsa mphamvu. Kuti alekanitse manotsi awiri ofanana, kapena kuti notsi ina imveke yolemera, amaponyapo timanotsi tachangu tokometsera, ndipo oimba awiri saponya mofanana. Nyimbo yochokera ku vayolini kapena kwa oimba pakamwa m'chinenero cha Gaelic imayeneranso kupanikizidwa kuti ikwane m'manotsi 9 aja. Ngakhale "Flower of Scotland", imene Roy Williamson anapeka m'zaka za m'ma 1960, ili ndi notsi imodzi chakumapeto imene pa chitolirochi palibe, ndipo oimba amaikapo yoyandikana nayo.

Mabuku akale amene anthu amayerekeza ndi ati?

Ofunika kwambiri ndi ochepa, ndipo analembedwa m'zaka pafupifupi 40 zokha. Nthawi imeneyo mafumu ambiri anali atasiya kusunga oimba, ndipo bungwe la Highland Society of London, limene linayambitsa mipikisano ku Falkirk mu 1781, linkalimbikitsa kuti nyimbo zilembedwe zisanapite ndi eni ake kumanda.

Colin Campbell wa ku Nether Lorn m'dera la Argyll analemba nyimbo zoposa 160 m'mawu a canntaireachd okhaokha, popanda notsi ngakhale imodzi ya pa mizere isanu. Buku lake loyamba lili ndi chaka cha 1797. Mwana wake John atapita ndi limodzi mwa mabukuwa ku mpikisano ku Edinburgh mu 1816, akuluakulu oweruza sanathe kuliwerenga. Mabuku awiri amene alipo lero anatulukiranso ku Oban mu 1909, ndipo muli nyimbo zambiri zosapezeka kwina kulikonse.

Donald MacDonald wa ku Skye, amene ankapanga zitoliro ku Edinburgh, anasindikiza buku la nyimbo 23 pa mizere isanu cha m'ma 1820, n'kusiyanso zina zolemba pamanja za mu 1826. Mu 1820 momwemo, Angus MacArthur, mmodzi wa omaliza a banja lija, ali chigonere ndi matenda ku London, ankaliza nyimbo zake pang'onopang'ono pa kachitoliro kophunzirira, John MacGregor n'kumalemba. Zinakwana 30. Mu 1828 Niel MacLeod wa ku Gesto anasindikiza nyimbo 20 za canntaireachd monga anazimvera kwa Iain Dubh MacCrimmon.

Kenako kunabwera Angus MacKay, amene anaphimba onsewa. Bambo ake, John MacKay wa ku Raasay, anaphunzira kwa a MacCrimmon. Angus anasindikiza nyimbo 61 mu 1838 asanakwanitse zaka 30, analemba pamanja zina zoposa 180, ndipo mu 1843 anakhala woliza chitoliro woyamba wa Mfumukazi Victoria. Udindo umenewu unalemeretsa buku lake. Kalembedwe kake n'koyera, kadongosolo, kosavuta kutsata, ndipo zambiri zimene zimamveka pa mipikisano lero zinachokera kwa iye.

Kusiyanako kumakhala pati kwenikweni?

Piobaireachd imayamba ndi mutu wa nyimbo, umene amautcha urlar. Pambuyo pake pamabwera zigawo zobwereza mutuwo zala zikunka zichulukirachulukira, mpaka kufika pa taorluath ndi crunluath, zimene ndi zovuta koposa. Nyimbo imodzi imatha kutenga mphindi 10, ina 20, ndipo yonse imaimbidwa pamtima. Kusiyana kungabisale paliponse m'menemu. Buku lina lili ndi chigawo chimene lina lilibe. Lina lili ndi D pamene linzake lili ndi C. Mayina nawonso sakhazikika: nyimbo imene MacKay anaipatsa dzina lina, kwa Campbell ili ndi dzina losiyana kapena ilibiretu.

Koma kusiyana kumene kumasintha nkhope ya nyimbo kwambiri n'kwa timanotsi tating'ono tija. Tengani E amene woimba amadutsapo asanatsikire ku notsi yeniyeni kumapeto kwa chiganizo cha nyimbo. Oimba a lero amamugwira motalika, mwina mpaka kuposa notsi imene akupitako. Donald MacDonald nthawi zambiri ankamulemba ngati kanotsi kakang'ono kongodutsa, ndipo timanotsi take tokometsera n'tamitundumitundu, pamene MacKay ankakonda kutifananitsa. Pa pepala kusiyanaku n'kwa kadontho. M'khutu ndi nkhani ina: E akatalika, nyimbo imaima n'kumapuma pafupipafupi, akafupika, imayenda ngati munthu akuimba ndi mawu.

Pali nkhani inanso imene inautsa mapiri pachigwa. Mu taorluath, chala chimatsikira ku G wam'munsi, kuponya D, kubwerera ku G, kenako kuponya E n'kutera pa A. MacKay ndi olemba ena akale ankaika A winanso pakati, E asanaponyedwe. Kodi A ameneyu ankamveka, kapena anali chizolowezi cha kalembedwe chabe? M'zaka za m'ma 1920 anthu anakangana koopsa m'makalata a m'nyuzipepala ya Oban Times, ena akulumbira kuti aphunzitsi awo ankamuliza, ena akuti sanamumvepo chibadwire. Mabuku a masiku ano anamuchotsa. Mabuku akale amasonyezanso kuti woimba ankabwerera ku urlar pakati pa nyimbo, mwina kangapo, pamene lero amabwererako kumapeto kokha.

Kodi palibe kalembedwe kamene onse anagwirizana kuti ndiko kovomerezeka?

Kalipo kamene kafala, ndipo munthu ayenera kudziwa mmene kanafalira. Bungwe la Piobaireachd Society linakhazikitsidwa mu 1901, ndipo mu 1925 linayamba kusindikiza mndandanda wa mabuku amene akugwirabe ntchito mpaka pano. Amene anagwira ntchito yaikulu ya ukonzi anali Archibald Campbell wa ku Kilberry, woweruza milandu ku India, yemwe anaphunzira chitoliro kwa akatswiri monga Sandy Cameron ndi John MacDougall Gillies. Mu 1948 anatulutsanso Kilberry Book of Ceol Mor, buku limodzi lonyamulika la nyimbo zoposa 100. Chaka chilichonse bungweli limasankha nyimbo zoimbidwa pa mipikisano ya mendulo za golide ku Oban ndi ku Inverness. M'zaka zoyambirirazo oweruza ambiri anali eni minda ndi akuluakulu a asilikali, osati akatswiri oimba, ndipo ankakhala ndi buku patsogolo. Woimba akapatuka pa zolembedwazo, zinkatengedwa ngati walakwitsa. Wofuna mendulo ankadziwa chochita.

A William Donaldson, m'buku lawo la mu 2000 lotchedwa The Highland Pipe and Scottish Society, anadzudzula kwambiri zimenezi. Anasonyeza kuti m'malo angapo zimene zinasindikizidwa sizigwirizana ndi magwero amene akonzi ankati akutsata, ndiponso kuti akatswiri anakakamizika kusiya zimene anaphunzitsidwa. Ena amayankha kuti popanda mabuku a bungweli nyimbo zambiri zikanafera m'mashelefu. Ine ndimaona kuti onse akunena zoona, ndipo mbali yachiwiriyi siyenera kupeputsidwa. Anthu a ku Canada, New Zealand ndi South Africa anaphunzira piobaireachd chifukwa panali buku loti agule. Vuto linabwera pamene buku lothandiza kukumbukira linasanduka lamulo. Chabwino n'chakuti mabuku omwewo ali ndi ndemanga za akonzi pa nyimbo iliyonse, zotchula magwero ndi malo amene akusiyana. Ophunzira ambiri amazidumpha ndemangazi, chonsecho mpamene pali chuma.

Ndiye buku lakale kwambiri ndilo lolondola?

Ayi. Patrick Mòr MacCrimmon, amene mwambo umati ndiye anapeka "Lament for the Children" atataya ana ake aamuna 7 m'chaka chimodzi, anakhalako m'zaka za m'ma 1600. Kuchokera pamenepo kufika pa Colin Campbell panadutsa mibadwo ingapo ya kuphunzitsana pakamwa. Palibe pepala la wopeka limene tingati ichi ndiye chiyambi. Buku lililonse ndi mboni ya mmene munthu mmodzi, wa banja limodzi, ankaimbira pa nthawi yake.

N'chifukwa chake funso loyamba lisakhale lakuti "lolondola ndi liti?" koma lakuti "kalembedweka n'ka yani?" Anaphunzira kwa ndani? Ankalembera ndani? Buku la Donald MacDonald lili ndi mzere wa dzanja lamanzere la piyano, chifukwa ogula ambiri anali mabanja olemera oimba piyano m'nyumba zawo. Campbell ankalembera anthu odziwa kale kaimbidweko, n'chifukwa chake sanasonyeze kutalika kwa manotsi. Mukadziwa zimenezi mumadziwa chimene mungafunse buku lililonse ndi chimene silingakuyankheni.

Ndingasiyanitse bwanji kaimbidwe kena kenikeni ndi kulakwitsa kwa wolemba?

Apa mpofunika kudekha. Yalani mapepala awiriwo pa tebulo, pensulo m'manja, muyambe ndi urlar yokha. Nyimbo zambiri zimamangidwa ndi ziganizo ziwiri zimene zimasinthanasinthana. Mamangidwe ofala kwambiri ndi awa: mzere woyamba uli ndi chiganizo choyamba kawiri kenako chachiwiri, mzere wachiwiri uli ndi choyamba kamodzi ndi chachiwiri kawiri, mzere wachitatu uli ndi chilichonse kamodzi. Poti chiganizo chimatenga mabala awiri, kutanthauza timagawo timene nyimbo yolembedwa imadulidwamo, mizereyo imakhala ya mabala 6, 6 ndi 4. Lembani chilembo pamwamba pa chiganizo chilichonse. Mukapeza kuti buku lina lili ndi mabala 5 mu mzere wachiwiri, musathamangire kuweruza. Pitani ku zigawo zotsatira. Ngati taorluath ndi crunluath za m'buku lomwelo zili ndi 6 pamalo amenewo, n'kutheka kwambiri kuti diso la wolemba linalumpha bala imodzi. Koma ngati 5 yemweyo akubwera m'chigawo chilichonse mpaka kumapeto, ndiye kuti munthuyo ankaimbadi choncho, ndipo muyenera kumulemekeza.

Chimodzimodzi ndi notsi yachilendo. Ikaoneka kamodzi kokha, mwina inki inadontha pa mzere wolakwika. Ikabwerera nthawi iliyonse chiganizocho chikabwera, ndi dala. Kumbukiraninso kuti mabuku awiri ogwirizana si mboni ziwiri nthawi zonse, chifukwa olemba ambiri a pambuyo pa 1838 ankakopera kwa MacKay.

Ndipo musayerekeze ndi maso okha. Imbani pakamwa mitundu yonse iwiri, kenako pa kachitoliro kophunzirira. Pali malo amene pa pepala amaoneka opotoka koma pakamwa amatsetsereka bwino, ndipo pali ena ooneka aukhondo amene amakakamira pakhosi. Akonzi ena akale anawongola nyimbo zimene sizinali zokhota, chifukwa choti anaziwerenga osaziimba.

Nanga bwanji akatswiri awiri otsata buku limodzi amaimbabe mosiyana?

Chifukwa mizere isanu ndi mabala ake zinapangidwira nyimbo zoyenda ndi kugunda kofanana, pamene piobaireachd imatalikitsa apa n'kufupikitsa apo monga mmene munthu amalankhulira. Pepala limangopereka mafupa. Oimba amatchula mizere iwiri ya aphunzitsi. Wina ndi wa Donald Cameron ndi ana ake, umene unadzera mwa John MacDougall Gillies kufika kwa Robert Reid. Wina ndi wa Malcolm MacPherson, wodziwika kuti Calum Piobaire, umene unadzera mwa John MacDonald wa ku Inverness. Kwa John MacDonald kunaphunzira Robert Brown ndi Robert Nicol, amene ankagwira ntchito ku Balmoral, komanso Donald MacLeod. Mizereyi si yolekana kotheratu, pakuti John MacDonald yemweyo anaphunziranso kwa a Cameron. Koma mukamvetsera Reid kenako Brown akuimba nyimbo imodzi, mumva kuti akupumira malo osiyana.

Mwayi wa m'badwo uno ndi woti mawu a anthu amenewa anajambulidwa. Maphunziro a Brown ndi Nicol anatuluka m'zimbale zotchedwa Masters of Piobaireachd, ndipo Donald MacLeod anajambula nyimbo zoposa 200 akuimba pakamwa, kuliza ndi kufotokoza. Dr Roderick Ross, poona kuti mabala amanamiza, anayamba mu 1959 kusindikiza Binneas is Boreraig, mmene analemba kaimbidwe ka mdzukulu wa Calum Piobaire pa mizere itatu popanda kudula mabala. Ndipo a Allan MacDonald, m'kafukufuku wawo wa mu 1995 pa yunivesite ya Edinburgh, anayerekeza piobaireachd ndi nyimbo za pakamwa za Gaelic zokhala ndi mutu womwewo, n'kunena kuti kale urlar sinkakokedwa pang'onopang'ono ngati lero. Si onse anavomereza, koma ndi ochepa amene anawamva akuimba n'kukhala osagwedezeka maganizo. Poyerekeza kalembedwe, zojambulidwazi muziziwerengera ngati mabuku enanso.

Kodi nkhaniyi imakhudzanso nyimbo zopepuka, zoguba ndi zovina?

Kwambiri, ngakhale mkangano wake suwawa chimodzimodzi. Chitsanzo chabwino ndi nyimbo ya Donald Wakuda, "Piobaireachd Dhomhnuill Duibh", imene amaigwirizanitsa ndi nkhondo ya ku Inverlochy ya mu 1431, ndipo a Cameron ndi a MacDonald onse amati ndi yawo. Ilipo ngati piobaireachd yathunthu, ilipo ngati nyimbo ya pakamwa ya Gaelic, ilinso ngati nyimbo yoguba imene asilikali a Cameron Highlanders ankaperetera. "Cabar Feidh" nayo imaimbidwa ngati yoguba, ngati yovina ya strathspey komanso ngati yovina ya reel. Munthu akati ndiphunzitseni nyimbo yakuti, funso lomubwezera ndi lakuti, mukaimba kuti?

Nyimbo zambiri zovina zinali za zigawo ziwiri zokha. Mipikisano itakula, akatswiri anayamba kuwonjezera zigawo mpaka 4, 6 kapena 8, n'kudzazamo timanotsi tovuta kuti zala zionekere. Willie Ross, amene anaphunzitsa oliza chitoliro a asilikali ku Edinburgh Castle kwa zaka pafupifupi 40, anasindikiza mabuku 5, ndipo kalembedwe kake kanafalikira ndi ophunzira ake m'magulu onse a asilikali. Buku la Seaforth Highlanders linatuluka mu 1936, la Scots Guards mu 1954, ndipo lachiwirili ndi limene ophunzira ambiri amayambira. Kalembedwe kotere n'kolemera komanso kodumphadumpha, notsi yaitali kutsatana ndi yaifupi kwambiri. Kamakoma pa pulatifomu pamaso pa oweruza. Koma mukapita nako kwa anthu ovina, monga a ku Cape Breton ku Canada kumene kaimbidwe kakale kovinira kanakhalitsa, mapazi awo adzakuuzani kuti mwachulutsa. Kumeneko kofunika ndi kalembedwe kopepuka, koyenda mosalala, kosataya kugunda.

Mu bandi amasankha ndani?

Mtsogoleri wa oliza zitoliro, ndipo palibe kukambirana kwambiri. Anthu 15 kapena 20 ayenera kumveka ngati chitoliro chimodzi, choncho kanotsi kalikonse kayenera kufanana, ndipo oimba ng'oma amalemba zawo motsata kalembedwe komweko. Mtsogoleri wanzeru amayang'ana zala za wofooka kwambiri m'gulu, osati za katswiri. Mabandi ambiri akamaimbira pamodzi, monga zimachitikira pa zikondwerero, amagwiritsa ntchito kalembedwe kophweka kamene mabungwe a mabandi, monga Royal Scottish Pipe Band Association, amafalitsa. Mukalowa bandi yatsopano, "Scotland the Brave" imene mumaidziwa muiphunzirenso mmene iwo amaiimbira.

Ndingaimbe kalembedwe kachilendo pa mpikisano?

Mungathe. Piobaireachd Society yokha imanena polengeza nyimbo za chaka kuti woimba sakumangidwa ndi mabuku ake, ndipo oweruza a lero ndi anthu amene anapambanapo okha mipikisano ikuluikulu. Ku Armadale pa Skye kwakhala kukuchitika mpikisano wa oitanidwa, Donald MacDonald Cuach, umene cholinga chake ndi kumveketsa kalembedwe ka MacDonald. Zithunzi za mabuku akale aja zilinso pa intaneti, moti munthu wa kutali angathe kuona dzanja la Campbell kapena la MacKay osapita ku National Library of Scotland.

Koma chitani mwaulemu ndi mwanzeru. Uzani oweruza musanayambe, ndipo apatseni pepala losonyeza buku limene mwatengamo. Woweruza akamva notsi imene sakuiyembekezera popanda chenjezo, choyamba kuganiza n'chakuti mwaphonya. Dziwaninso kuti chachilendo chimafuna kuimbidwa bwino kuposa chozolowereka, chifukwa khutu la womvera lilibe pogwira. Ngati mwachisankha kuti muoneke osiyana ndi anzanu basi, zidzamveka. Ngati mwachisankha chifukwa mwachiimba miyezi yambiri ndipo chakukhalani mumtima, zimenezonso zidzamveka.

Kodi ndi bwino kutenga urlar ya buku lina n'kuilumikiza ndi zigawo za buku lina?

Zinachitikapo, ndipo ochita ake sanali anthu wamba. General C. S. Thomason, injiniya wa asilikali ku India amene analandira zolemba pamanja za Donald MacDonald kuchokera kwa agogo ake, anasindikiza Ceol Mor mu 1900, ndipo m'nyimbo zambiri anaphatikiza magwero angapo, n'kusonyeza kumene watenga. Oimba akale nawonso ankasankha zowakomera kwa aphunzitsi awiri kapena atatu.

Komabe ine ndingalangize kuti musafulumire. Kalembedwe kabwino kamagwirizana kokhakokha: notsi imene yaikidwa mu urlar imakhala ndi ana ake m'zigawo zonse zotsatira. Mukasintha pamwamba osasintha pansi, crunluath idzatsutsana ndi mutu umene inayenera kuukongoletsa. Yambani mwadziwa mtundu uliwonse pawokha, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mukaphatikiza, nenani poyera kuti mwaphatikiza. Chimene chinasokoneza mibadwo yapitayi si kusintha nyimbo ayi, koma kusintha mwakachetechete kenako n'kulembapo dzina la munthu wakale.

Wongoyamba kumene ayambire pati?

Pa kalembedwe ka mphunzitsi wake, popanda kutsutsa. Zala zisanakhwime, munthu alibe muyeso woyezera mabuku, ndipo kudumphadumpha pakati pa mitundu itatu kumangosokoneza chizolowezi cha zala. Phunzirani nyimbo zingapo monga zilili mu Kilberry kapena mu Scots Guards, muziimbe pakamwa mpaka zikhazikike, mumvetsere mmene mphunzitsi akupumira.

Ikapezeka nyimbo imodzi imene mwaidziwa moti mungaiimbe mukuganiza zina, imeneyo ndiyo yoyambira kuyerekeza. Werengani ndemanga za akonzi zimene zili nayo. Pezani buku limodzi lokha lakale limene lili ndi nyimboyo, makamaka la MacDonald kapena la MacArthur chifukwa ali pa mizere isanu ndipo kusiyana kwawo ndi MacKay kumaoneka msanga. Campbell mumusungire mtsogolo, mukadzazolowera kuwerenga canntaireachd. Chongani ndi pensulo malo onse osiyana, muimbe mzere woyamba wokha m'njira zonse ziwiri kwa masabata angapo, kenako mupite nazo kwa mphunzitsi mukamufunse chifukwa chake iye amatsata imene amatsatayo. Aphunzitsi ambiri amakondwa ndi funso limeneli, ndipo yankho lake kawirikawiri limakhala dzina la munthu amene anawaphunzitsa. Dzina limenelo mulilembe pamwamba pa pepala lanu, pamodzi ndi la buku ndi chaka chimene mwaphunzira nyimboyo, kuti amene mudzamuphunzitse adzadziwe kumene kalembedwe kake kanachokera.